A Zimba ndi Malo Amodzi a ku America

Sabata yatha a Mulenga anandiimbira foni ndili pa bureki kuchipatala. Anati chaka chakwana chimwalirire bambo Zimba, ndipo ankangofuna kumva mawu a munthu wina amene ankawadziwa. Sitinacheze nthawi yaitali. Potsanzikana anandiuza kuti Epulo wafika, drafuti yayandikira, koma iwo chaka chino saonera, poti alibenso wokangana naye.

Ife amene tinafika ku West Midlands kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, anamwino ndi mabanja athu, tinawapeza a Zimba atazika kale mizu ku Smethwick. Kwawo kunali ku Ntcheu. Anabwera mafakitale a zitsulo asanatsekedwe onse, ndipo anagwira m'fakitale ina yosungunula zitsulo mpaka tsiku limene anaikhoma loko. Kenako analowa ntchito m'chipatala, yokankha odwala pa mabedi kuwachotsa kuwodi kupita nawo kuchipinda cha opaleshoni. Akazi awo, mayi NaBanda, anali namwino m'chipatala chomwecho. Mlendo aliyense wochokera kumudzi ankagona kwawo masiku oyamba, ndipo a Zimba ndiwo ankamuonetsa basi yokwera, shopu ya ku Cape Hill yogulitsa ufa ndi nsomba zouma, ndiponso misewu yosayenera kudutsamo wekha. Inenso ndinagona pa sofa yawo.

Anali munthu wamtali, wamapewa otambalala, woyenda motsimphina pang'ono. Akamalankhula sankatha kukhala pansi. Nkhani ikafika pokoma ankakugwira m'mapewa, n'kukusuntha, n'kukuimika pamene akufuna, kenako n'kusunthanso wina, mpaka pabalaza ponse pasanduke bwalo. Kutchalitchi, mnyamata akabwera kudzawapatsa moni, sankamusiya dzanja msanga. Ankalitembenuza, kuyang'ana kutalika kwa zala, kenako n'kutsitsa maso mpaka mu akakolo. Amayi ankaseka, amvekere a Zimba akugula ng'ombe. Iwo sankakana.

Loweruka lina anandiuza kuti, "Mphwanga, ukaweruka ubwere kunyumba, kuli drafuti." Ine ndinapita ndikuyembekeza thabwa la mabokosi ndi zitsekerero za mabotolo, monga tinkachitira pakhonde la golosale ku Zomba. Ndinapeza makatani atatseka, tepi ya kanema ili m'makina, ndipo pampando pali a Mulenga, bambo wa ku Zambia amene ankagwira ntchito m'fakitale ya galimoto ku Solihull. Drafuti yake inali ya mpira wa ku America, uja wovala zipewa zolimba, wonyamula mpira m'manja n'kumagundana ngati nkhosa zamphongo. Chaka chilichonse matimu akuluakulu a kumeneko amasankha anyamata ochokera m'makoleji, mosinthanasinthana, ndipo timu imene inagonja kwambiri chaka chathacho ndiyo imayamba kusankha. Tsikulo sasewera mpira. Amangotchula mayina, mnyamata n'kuimirira, mayi ake n'kulira. Tepiyo ankawatumizira mnzawo wa ku America, ndipo inkafika patapita masabata. A Zimba ankaletsa aliyense kuwauza zotsatira, ngakhale kuti mu Smethwick monse munalibe amene akanatha kuwauza.

Mkangano wawo ndi a Mulenga unali umodzi zaka zonse, mayina okha ndiwo ankasintha. Pa drafuti iliyonse pamakhala mnyamata wodalirika, amene aliyense akudziwa kuti sadzafika patali kwambiri koma sadzakuchititsa manyazi, ndiye pamakhalanso wina wamphatso yoopsa koma wokayikitsa, mwina bondo linavulalapo, mwina ndi waukali, mwina sachedwa kugwa ulesi. A Mulenga nthawi zonse ankaima ndi wodalirikayo. Ankati kufakitale kwawo galimoto yabwino si yothamanga kwambiri, koma yolira m'mawa uliwonse ngakhale kugwe chisanu chotani. A Zimba zimenezi zinkawanyansa. Ankati bambo awo ku Ntcheu sankagula ng'ombe yofatsa, chifukwa ng'ombe yofatsa imakulimira munda womwe uli nawo kale, pamene yolusa, ukaiweta bwino, imakuswera mphanje. Ankatinso mabwana a matimu amene amatenga wodalirika sakhala akusankha wosewera, amakhala akuteteza ntchito zawo, ndipo munthu wosankha ali ndi mantha sanasankhe chilichonse, mantha ndiwo amusankhira. Mawu amenewa tinawamva mpaka kutopa nawo. Mwana wawo yekhayo, Thokozani, anakula akuwamva atakhala pa masitepe.

Pamaliro a bambo ake, Thoko anabwera atamangidwa unyolo dzanja limodzi ndi msilikali wa kundende. Anatalika kuposa bambo ake. Anthu anamusiyira malo kutsogolo koma iye anaima kumbuyo, pafupi ndi galimoto imene anabwerera. Abusa atapempha achibale kuti aponye dothi, mayi NaBanda anacheuka n'kumuyang'ana. Iye anaweramitsa mutu osasuntha. Msilikali uja, mzungu wachikulire, anamunong'oneza kenakake, mwina kumuuza kuti akhoza kupita naye pafupi, koma Thoko anapukusa mutu. Anachoka naye tisanamalize nyimbo yotsiriza.

Kuti zifike pamenepo, zinayambira pa bwalo lina la khonsolo kufupi ndi Bilston, kuseri kwa malo amene kale panali fakitale ya zitsulo. Pamenepo a Zimba ankaphunzitsa timu ya achinyamata ya mpira womwewu. Siinali timu yoti mungaimve pa wailesi. Zipewa zinali zopemphetsa kwa matimu ena amene anatha, zina zazikulu kuposa mitu ya eni ake. Munali ana a azungu a m'deralo, a ku Jamaica, amwenye angapo, ndi athu ochepa amene makolo awo analola. Ine anandikokeramo chifukwa malamulo ankafuna kuti pa masewera pakhale wodziwa kuthandiza ovulala. Sanandipemphe. Anangondiuza nthawi imene adzanditenge.

Timuyo inawayambanitsa ndi anthu ambiri. Masewera ankachitika Lamulungu, ndipo abusa athu anawaitanapo n'kuwauza kuti akusocheretsa ana. A Zimba anayankha kuti ana amene iwo ali nawo pabwalo Lamulungu masana, apolisi sakhala nawo, ndipo ngati abusa ali ndi njira ina yoti mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri athere mphamvu zake, aibweretse. Anakhala miyezi osalankhulana. Kunyumba nakonso kunalibe mtendere. Mayi NaBanda, amene ankaona mitu yosweka kuntchito, ankati masewerawo ndi nkhondo yovala yunifomu. Tsiku lina anabisa makiyi a galimoto. A Zimba anakweza zikwama za zipewa m'basi, nafika ku Bilston thukuta lili kamukamu, osatchula n'komwe zimene zachitika.

M'timumo munali anyamata awiri a kwathu amene ankaoneka patali. Wina anali Thoko. Za mpira umenewu ine sindinafike pozimvetsa bwino, koma Thoko akagwira mpira sipankafunika womasulira. Ankathamanga ngati pansi pakumukankha, ankakhota pamene munthu sangakhote, anyamata atatu n'kugundana okhaokha iye atapita. Makochi a matimu ena ankasiya kukalipira ana awo n'kumangoonerera. Koma Thoko yemweyo ankajomba kutrena popanda chifukwa, ankafika mochedwa maso ali psuu, ndipo wina akamulankhula mawu okhudza khungu lake sankadikira woimbira. Apolisi anali atamubweretsapo kunyumba. Bambo ake akamulankhula m'Chichewa, iye ankayankha m'Chingerezi cha ku Smethwick, mawu awiri atatu, n'kukwera kuchipinda.

Winayo anali Yamikani, mwana wa mayi Chirwa, namwino wamasiye amene anabwera naye kuchokera ku Kasungu. Anali wojintcha, wachete, wa gulu lija loima kutsogolo lotchinga anzawo kuti othamanga adutse. Sanajombepo. Ankafika woyamba, kuthandiza kunyamula katundu, ndipo a Zimba akamuuza chinthu kamodzi chinkakhala chomwecho mpaka kalekale. Sankachita chodabwitsa. Sankalakwitsanso.

Chaka china nthawi yotentha, mnzawo wa matepi uja anabwera kudzacheza. Anali mzungu wonenepa, wa tsitsi la imvi, ndipo panthawiyo anali kochi pa koleji ina yaing'ono kwawoko. Anauza a Zimba kuti ali ndi malo amodzi a mwana wochokera kunja, sukulu ndi pogona zaulere, bola azisewera. Malo amodzi okha. Anabwera kudzaonera masewera athu Lamulungu, atavala kabudula ngakhale kunali kamphepo. Tsiku limenelo Thoko anasewera ngati akudziwa, ngakhale sanauzidwe kanthu. Anagoletsa kangapo, kamodzi atathamanga kuchokera kumapeto kwa bwalo. Chakumapeto mnyamata wa timu inayo anamuponda dzanja dala ali pansi. Thoko anadzuka, anamuvula chipewa n'kumumenya nacho. Woimbira anamutulutsa.

Masewera atatha ine ndinali kulongedza mabandeji pafupi ndi galimoto, ndiye ndinamva zonse. Mzungu uja anati anabwera akuganiza kuti ku England kulibe choti aone, koma wothamanga uja ndi wa mtundu umene munthu amakumana nawo kamodzi pa moyo wake wa ukochi. Za ukalizo anati anaziona, ndipo anawetapo olusa kuposa ameneyo. Komabe anati iye waonera masana amodzi okha, pamene a Zimba akhala nawo anawa zaka, choncho dzina limene atchule ndi limene atenge.

A Zimba anayang'ana anyamata akuvula nsapato. Kenako anatchula Yamikani. Mzunguyo anaganiza kuti sanamvane, nalozanso Thoko, amene anakhala payekha pa udzu atafunda thaulo kumutu.

"Ameneyo ndi mwana wanga," anatero a Zimba m'Chingerezi. "Ndikumudziwa. Tenga winayo."

Tinabwerera pa galimoto ya a Zimba. Titafika pakhomo panga anangoti nkhaniyi aiuza okha kunyumba, nthawi yake ikakwana.

Nthawiyo siinakwane. A Zimba anauza mayi Chirwa kuti ayambe kukonza mapepala, koma Thoko sanamuuze, akazi awonso ayi. Patapita masabata angapo, pa mapemphero athu a masana m'holo imene tinkachita lendi, itafika nthawi ya maumboni, mayi Chirwa anaimirira. Anayamba ndi nyimbo, kenako akulira anafotokoza zonse: kuti Mulungu wa amasiye wakumbukira mwana wawo, kuti malo anali amodzi, kuti mlendo uja maso ake anali pa mwana wina, koma bambo Zimba, munthu wa Mulungu wosakondera, anasiya magazi awo enieni n'kutchula mwana wamasiye. Mayiwo sankafuna kulasa munthu. Ankathokoza ndi mtima wonse. Anthu anaomba m'manja, amayi ena analulutira.

Thoko tsiku limenelo anali pa ng'oma, chinthu chokhacho chimene ankabwerera kutchalitchi. Anaika timitengo pansi bwinobwino, nadutsa pakati pa mipando, natuluka. A Zimba anamutsatira, ine n'kuwatsatira iwo, poopa kuti pangachitike zogwirana. Panja poimika galimoto Thoko anatembenuka. Kwa nthawi yoyamba chimudziwire ndinamumva akulankhula Chichewa, chokhotakhota, chofufuza mawu.

"Adadi, inu mumati wosankha ndi mantha sanasankhe. Munandiphunzitsa ndinu."

"Ndimakudziwa, mwanawe," anatero a Zimba. "Kumene kuja si kuno. Ndimakudziwa."

"Ayi. Mumandiopa."

Anatero n'kumapita ku siteji ya basi. A Zimba anaima pomwepo manja ali lende. Sanamuitane.

Yamikani anapita. Tinamuperekeza ndi mapemphero ndi jekete yatsopano. Kumeneko anapeza anyamata ojintcha kuposa iye, amene anayamba masewerawo ali aang'ono, ndipo khama lake lonse linangomufikitsa pa benchi. Sanalowepo m'masewera enieni ngakhale kamodzi. Chaka chitatha mzungu uja anachotsedwa ntchito, ndipo kochi watsopano sanaone chifukwa chosungira mwana wa kunja wosasewera. Yamikani anabwerera mwakachetechete, sukulu osamaliza. Pano amanyamula makatoni m'nyumba yosungira katundu cha ku Wolverhampton. Kutchalitchi sabwera. Ndikakumana naye pamsika wa ku Bilston amandipatsa moni mwaulemu wonse, maso ali kumbali, n'kupeza chifukwa chofulumirira. Mayi ake anasamukira ku mpingo wina.

Thoko sanavalenso chipewa chija. Anachoka panyumba n'kumakagona kwa anzake mkati mwa Birmingham. Ankayamba ntchito n'kuisiya. Makochi awiri a matimu a akuluakulu anamufunafuna, iye osawayankha. Mayi ake ankamupititsira chakudya mobisa. Kenako tinamva kuti pa ndewu ina kunja kwa shopu ya tchipisi anakankha munthu, munthuyo anagwa n'kumenyetsa mutu pa simenti, ndipo sadzayendanso. Khoti linamupatsa zaka zambiri. A Zimba ankapempha chilolezo chokamuona, koma wandende ali ndi ufulu wokana mlendo, ndipo Thoko ankalola mayi ake okha. Ngakhale zinali choncho, a Zimba ankawayendetsa mayiwo pagalimoto ulendo wonsewo, n'kumadikira panja mpaka atuluke.

Anthu anagawanika. Ena ankati a Zimba anachita chilungamo ndipo Thoko anangoonetsa chimene anali. Ena ankati anamuthyola mwana msana pofuna kutamandidwa ndi mpingo. Mayi NaBanda sanaime mbali iliyonse pagulu, koma m'nyumbamo anasiya kudyera limodzi. Ndi iwo amene anandiuza, a Zimba atagwa sitiroko yoyamba, chimene amuna awo sanauzepo aliyense wa ife. Ali mnyamata anapita ku America kukaphunzira zaulimi. Kochi wa pakolejipo atangoona msinkhu wawo anawakokera m'timu, munthu woti sanaugwirepo mpira wa mtunduwo, ndipo pasanathe chaka anali akutchulidwa. Mzungu wa matepi uja ankasewera nawo limodzi. Tsiku lina m'tauni munthu wina anawatukwana, iwo anamumenya, apolisi anabwera. Mwendo wotsimphina uja unathyokera m'manja mwa apolisi, osati m'fakitale monga tonse tinkaganizira. Sukulu inawachotsa. Manyazi anawaletsa kubwerera ku Ntcheu, ndiye anatsatira chibwenzi chawo, mayi NaBanda omwewo, ku England komwe ankaphunzira unamwino. Bambo awo anamwalira akudikirabe mlangizi wa zaulimi.

Timu inatha sitiroko isanabwere n'komwe. A Zimba ankapitabe ku Bilston, koma moto unali utazima. Sankasunthanso anthu m'mapewa. Anyamata anayamba kuchepa mpaka sankakwananso kupanga mbali ziwiri pa kutrena, ndipo Lamulungu lina tinangopezeka ine, iwo ndi ana anayi. Anawauza anawo kuti azipita kwawo.

Drafuti ankaonerabe, tsopano pa kompyuta, chifukwa a Mulenga sankalola kuti ipite. Ankabwera ndi mabotolo awiri a zakumwa n'kuyamba dala kuputa, kutamanda mnyamata wodalirika mopitiriza muyeso kuti mnzawo apse mtima monga kale. A Zimba ankangoyang'ana. Chaka chomaliza, pakamwa patapotoka kale, a Mulenga anawakakamiza kuti anene amene akanatenga pa anyamata awiri amene ankakambidwa kwambiri. A Zimba anayang'ana nkhope ziwirizo pa kompyutapo n'kunena movutikira kuti onsewo ndi ana a anthu. A Mulenga anatseka kompyuta.

Ine ndinawafunsa a Zimba kamodzi kokha, ali m'wodi, ngati akanasankha mosiyana atapatsidwanso mwayi. Ndinkayembekeza kuti avomera, kapena adziteteza. Anati usiku ndi usana akhala akuyesa njira zonse ziwiri m'mutu mwawo. Akamutumiza Thoko, amamuona akubwera m'bokosi, kapena atatsekeredwa kutali komwe ngakhale mayi ake sakanafika. Akapanda kumutumiza, ndi izi zachitikazi. Ndipo Yamikani, amene ankaganiza kuti akumuchitira zabwino, anamutuma kukanyamula katundu wosakhala wake. Anati sanapeze njira imene mwana aliyense akutuluka wamoyo bwinobwino. Kenako anandipempha kuti ndiwakwezere pilo.

Sitiroko yachiwiri inawatenga kumapeto kwa Malichi. Ankafuna kukagona ku Ntcheu, koma mayi NaBanda anati mwana wawo sakanaloledwa kupita kumeneko, ndiye tinawaika kuno.

Lamulungu lapitali, nditachoka kutchalitchi, ndinakwera thiramu, kasitima ka m'tauni, mpaka ku Bilston. Bwalo lija analizinga ndi mpanda wa waya, ndipo pachipata pali chikwangwani chonena kuti pamangidwa nyumba, koma palibe chimene chayambika. Ana anaboola wayayo pakona, ndiye ndinalowera pamenepo. Mitengo ya zigoli anaizula, patsala maenje odzaza madzi a mvula. Udzu wafika m'mawondo ndipo mizere yoyera sikuonekanso, moti sindinathe kudziwa pomwe bwalo linkayambira. Kanyumba kosinthira zovala anakakhomera matabwa m'mawindo, khoma lonse lili penti ya mayina a anthu osawadziwa. Chapakati pali ngolo ya m'shopu yogona chammbali, ndi matiresi amene wina anayesa kuwotcha. Mayi wina wachizungu anadutsa ndi galu wake m'mphepete mwa mpanda, nandifunsa ngati ndine wa kampani yomanga nyumba. Nditakana, anafunsa ngati ndataya chinthu. Ndinamuuza kuti kale pano pankaseweredwa mpira wa ku America. Anayang'ana udzuwo, nati wakhala m'derali zaka zambiri koma sanamvepo zimenezo, kenako anakoka galu wake n'kupitiriza ulendo.